Dothi M'kamwa mwa Kafupi

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngati kutsinzina ndinachita kuja tingakutche kugona. M'nyumba ya atate ku Chinyunyu munali azimayi okhaokha, atagona mothithikana pamphasa kuzungulira bokosi, wina mutu pamwendo wa mnzake. Akwaya anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano ankaliza mkonono ngati wina aliyense. Panja amuna anali pamoto, ena atagona pamipando, ena akutsokomola. Unali Okutobala, ndipo ngakhale m'bandakucha malata anali asanazizire.

Kumutu kwa bokosi, itatsamira khoma, kunali mfuti ya atate. Dzulo lake ba Lazalo anali ataipukuta, kuithira wonga ndi kutsindira nsanza, nanena kuti igone ndi mwini wake komaliza. Ba Lazalo anali mwana wa mlongo wa atate, msuweni wanga, ndipo ndiwo anali eni maliro. Kwathu ana a malemu timangolira ndi kuphika, zolamula n'za akuchimake kwa malemuwo. Iwo anali atalamula kuti popeza atate anali msilikali komanso mlenje, mfuti ilire kumanda bokosi likatsika, ndipo woiliza akhale mwana wanga Yotamu, mdzukulu amene anatenga dzina la atatewo.

Ndiyambe ndafotokoza za mfutiyo, chifukwa popanda iyo palibe nkhani.

Atate analowa usilikali wa atsamunda nkhondo yaikulu itatha, akali mnyamata, ndipo mpaka imfa anthu ankawatcha ba Kopolo, potengera udindo wawo wa kuusilikali. Anawakweza sitima kupita kunkhalango za kutsidya kwa nyanja, kumene mvula siikata. Kumeneko, monga ankatisimbira, azungu anabweretsa mfuti zatsopano zowerengeka kuti ziyesedwe. Inali mfuti yaifupi. Kabokosi ka zipolopolo kanali kumbuyo kwa chokokera, pafupi ndi phewa, kotero kuti makina onse ankakhala pansi pa tsaya la woombayo. Pamwamba panali chogwirira chokhala ndi kagalasi koyang'anira. Chipolopolo chake chinali chaching'ono, chosakankha phewa. Atate ankangonyamulira bwana wawo, koma chifukwa cha diso lawo lakuthwa anawalola kuombera. Anali amanzere, ndiye mfutiyo inkawalavulira makoko otentha kumaso, mpaka makofi a sajeni anawaphunzitsa kuombera kumanja. Akaledzera ankasimba za munthu amene anamuombera pamtsinje akutunga madzi, momwe chifuwa chinatsegukira, ndi momwe chitini chake chinapitira ndi madzi. Ankaseka posimba, kenako n'kumenya aliyense amene waseka nawo.

Mfutiyo sinakhalitse. Akuluakulu a maiko ogwirizana anakangana pa za chipolopolo, wamphamvu mwa iwo anafuna chachikulu, ndipo boma la azungu linasintha maganizo. Tsiku lina m'mawa anazitolera zonse, kuzipaka girisi, kuzikhomera m'mabokosi, basi. Atate anapatsidwa mfuti yaitali yolemera ngati anzawo onse. Sanakhululuke. Ankati azungu anataya mwana wanzeru n'kulera chitsiru.

Atabwerera kumudzi anakhala wosula. Ankasula makasu ndi nkhwangwa, ankakonza njinga m'mbali mwa msewu waukulu, koma mtima unali pa mfuti ija. Anayamba kusula gogodela, mfuti zija zothirira wonga kukamwa, koma potengera maonekedwe a yotayidwa ija: paipi ya chiwongolero cha lole yakufa, wonga kumbuyo pansi pa tsaya, chokokera kutsogolo cholumikizidwa ndi sipoko ya njinga. Yoyamba inaphulika ndili kamtsikana. Ndinawaona akuchokera kudambo atagwira khutu lawo m'manja, mano atatu kulibe, magazi akutsikira m'nsapato. Amayi atayamba kulira, anawamenya ndi dzanja lomwelo la magazi. Yachiwiri inabwerekedwa ndi mnzawo wa uzimba, ndipo anabwera naye pamachira wopanda diso ndi zala ziwiri. Yachitatu anaisula zaka zambiri, moleza mtima, naitcha Kafupi. Imeneyo inamvera. Inapha nguluwe zosawerengeka m'minda ya anthu, ndipo ife tinakula ndi nyama yake. Koma atate maso atachita khungu inakhala pamisomali iwiri pakhoma zaka ndi zaka, osalira.

Ine ndi amene ndinawadwazika, kuwasambitsa, kuwatembenuza, iwo akunditukwana. Sabata yomaliza anandigwira dzanja nati, "Kafupi asalire. Wakalamba ngati ine. Mukamuike m'bokosi." Ndinawauza ba Lazalo. Anaseka. Chiyambire ubwana ankanditcha mkazi wawo, monga amachitira asuweni, ndipo ine ndinkawayankha kuti mwamuna wa dazi sindimufuna. "Mkazi wanga," anatero, "mlenje wopita chete amabwera kumaloto kudzafunsa mfuti yake. Iwe samala za nyemba." Ndinapita kwa Yotamu. Iye ndi bambo wa ana awiri, amayendetsa lole ya makala kupita ku Lusaka, ndipo mwa ana anga anayi ndiye yekha amene ananditsalira. Anandiyankha kuti ndisamuchititse manyazi pamaso pa amuna.

Ndiye m'bandakucha uja ndinakhala tsonga n'kuyang'ana mfutiyo, ndipo pamalo pamene pamagona tsaya ndinaona nkhope ya mwana wanga. Kuibisa sindikanatha. Akanafufuza, ndipo woyamba kumugwira ndikanakhala ine amene ndinakana poyera. Ndinafuna kuti ingokana kulira yokha, anthu anene kuti malemu akana.

Ine ndine wootcha makala. Ana ndalera ndi makala, msana ndathyola ndi makala. Chimene ndimadziwa pa za moto n'chimodzi, ndipo sichinandinamizepo: ukautsekera mpweya umafa. Uvuni ukaboweka n'kuyamba kulilima, umamata dothi pabowopo, moto umagonja. Atate sankalola mwana wamkazi kufika posulira, ndiye za mfuti ndinkangodziwa zimene imachita kwa anthu. Ndinaganiza kuti moto ndi moto.

Ndinalumpha miyendo ya azimayi n'kutuluka ngati ndikupita kuchimbudzi. Kuseri kwa nyumba kuli chulu, ndipo chiswe chinali chitamanga usikuwo, dothi lofiira, lonyowa, lomata bwino. Ndinatapa chibuma m'chitenje, ndinathyola kandodo ka nsungwi pampanda, n'kubwerera. Ndinagwada kumutu kwa bokosi, msana kwa anthu, ngati wopemphera. Ndinaumba timibulu, kuponya m'kamwa mwa Kafupi, kukankhira mkati ndi nsungwi kuti tisaoneke, kutsindira, kuonjezanso. Pomaliza ndinapukuta kukamwako ndi ngodya ya chitenje. Mtima unapepuka. Ndinadziona wochenjera kuposa amuna onse anali panja aja.

Kutacha, moto wophikira unayaka m'mizere kuseri kwa khola. Madiramu a madzi anabwera pangolo. Mbuzi ziwiri zinaphedwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo agalu analumana polimbirana magazi. Mphepo yotentha inayamba molawirira, ikuulutsa phulusa m'nyemba ndi m'maso. Anthu anayamba kufika: a njinga kuchokera m'midzi, a minibasi kuchokera ku Lusaka atavala magalasi akuda, lole yodzaza ndi amayi a mpingo kuchokera ku Mpanshya, amalonda a pamsewu atatseka matebulo awo. Aliyense akafika pamphambano ankayamba kulira, kulowa m'nyumba, kugwada pang'ono, kutuluka n'kufunsa kumene kuli madzi akumwa. Ambiri sanabwere chifukwa chokonda atate, tisanamizane. Anabwera chifukwa anamva kuti Kafupi alira.

Ndinali pa chidebe cha nyemba pamene ndinamva kunong'ona m'nyumba. Mayi wina anali ataona timibulu ta dothi lonyowa pakhomo ndi kumutu kwa bokosi, tina tili ndi zidindo za zala. Mumdima muja sindinaone kuti ndataya. Dothi lachilendo m'nyumba ya maliro aliyense amadziwa tanthauzo lake, kapena amati amadziwa. Amuna analowa, anatsegula bokosi, anafufuza m'zovala za atate, m'kamwa, pansi pa mutu. Sanapeze kanthu. Mfuti inali chilili pambali pawo, ndipo palibe anaiganizira.

Panali gogo wina wamasiye, wopanda m'bale m'dera lathu, amene ankagulitsa dothi la pachulu kwa amayi apakati m'mbali mwa msewu. Zikhadabo zake zinali zofiira nthawi zonse. Usikuwo anagona pafupi ndi khomo chifukwa cha chifuwa. Sindikudziwa amene anayamba kumuloza. Nthawi yomweyo anyamata okumba manda anali akubwera kudzadya, makasu paphewa, kachasu ali m'mutu chiyambire usiku. Anamukoka miyendo kumutulutsa m'nyumba, mutu ukugunda pachiundo cha khomo. Wina anamutambasula zala kuti onse aone. Kenako mipini inayamba. Anamumenya m'nthiti, kumsana, m'mawondo. Anatchinga mutu ndi mkono, ndipo mkonowo unathyoka ndi phokoso limene ndinalimva ndili kumoto. Anangoti, "Ine ndabwera kudzalira," n'kulavula magazi. Mayi wina wa mpingo, atavala yunifolomu yake yoyera, anamuponda pamimba. Ena anayamba kuitanitsa palafini.

Amene anamupulumutsa ndi ba Lazalo. Anathamanga kuchokera kwa amuna, nadzigwetsa pamwamba pa gogoyo, mpini wina n'kuwagwera pamsana. Anadzuka akutukwana, nagwira mnyamata wina pakhosi n'kumugwetsera pamoto wa amuna. "Maliro ndi anga," anatero. "Wofuna kupha munthu akaphere kwawo." Ananyamula gogoyo m'manja mwawo n'kumugoneka pangolo ya madzi kuti apite naye kukiliniki, malaya awo oyera atathimbirira magazi.

Ine ndinali chilili, manja onse m'madzi a nyemba, ndikuchotsa dothi m'zikhadabo. Ndinaona zonse ndipo sindinanene kanthu. Gogoyo anamwalira chaka chatha, mkono uli wokhota, anthu akumutchabe mfiti. N'chifukwa chake ndikulemba izi.

Mapemphero anachitikira pabwalo dzuwa litakwera. Katekisiti anadzudzula za m'mawazo ndi mawu ozungulira, anthu n'kuyang'ana pansi pang'ono. Za mfuti anati sizimukhudza, bola ilire iye atatseka buku. Tinadutsa pamzere kuona nkhope. Atate anagona ndi mbali yopanda khutu ili pamwamba, chipsera chikunyezimira mafuta amene ndinawadzoza. Yotamu anatulutsa Kafupi m'nyumba atainyamula ndi manja awiri, nkhope ili gwa, ndipo anyamata anamupatsa njira mwaulemu. Ndinamuyang'ana osaopa kanthu. Mumtima ndinati koka mpaka chala chitupe.

Kumanda ndi ulendo ndithu, kudutsa minda youma ndi dambo lopserera. Bokosi linali patsogolo pamapewa, amuna akusinthana, kenako Yotamu ndi ba Lazalo, kenako ife ana a malemu, aliyense atagwiridwa ndi azimayi awiri. Fumbi linkatilowa m'kamwa poimba. Nthaka inkaotcha kudutsa m'patapata. Kum'mawa mitambo inali itaunjikana, yakuda, koma yongoopseza.

Panjira mkulu wina wopanda mano, mlenje wakale, anadzikoka ndi ndodo yake kufika pambali pa ba Lazalo. Sankamva bwino, ndiye ankalankhula mokweza. Anafunsa ngati anayang'ana m'kamwa mwa mfutiyo, chifukwa mfuti yokhalitsa pakhoma mavu aja omanga ndi dothi amamangamo. Ba Lazalo anati anaipukuta okha dzulo mpaka mkati. Mkuluyo anati zili bwino, chifukwa mfuti yotsekeka kukamwa siifa ngati moto wa makala, imafuna potulukira, ndipo imatulukira kwa mwini wake. Anasimba za mnzake wina wa kuchigwa amene anagwa ndi mfuti m'matope, naombera osayang'ana, ndipo anamutola ndi dengu.

Ndinamva zonse. Ndinagwa chagada m'fumbi, azimayi aja n'kundidzutsa, wina akundipukuta kumaso, wina akunditonthoza kuti atate anakalamba, ndilimbe mtima. Ndinayesa kuthamangira kutsogolo koma anandigwira zolimba, poganiza kuti ndikufuna kudzigwetsera pabokosi. Ndinayang'ana msana wa Yotamu, mfuti ili paphewa. Kumbuyo kwanga kunkabwera anyamata okumba aja, ndipo pampini wa mmodzi panali tsitsi la imvi litamatirira.

Ndinayenda mtunda wotsalawo ndikukonza mawu. Anali mawu ochepa, akuti m'mfutimo muli dothi ndipo ndaikamo ndine. Ndinawanena mumtima kambirimbiri. Nthawi iliyonse akafika pakhosi ndinkamva mkono wa gogo uja ukuthyoka. Iye anamenyedwa chifukwa cha timibulu ta pakhomo. Nanga ine, mwana wa malemu, amene ndatseka mfuti yopatsidwa kwa mwana wanga yemwe, n'kusiya wosalakwa akuphedwa ndikuyang'ana? Palafini uja akanapezeka. Ndinkachita mantha, ndipo palibe dzina lina loti ndiwapatse.

Kumanda mphunzitsi wina wopuma anawerenga mbiri. Anatchula usilikali, anatchula makasu, kenako anati ba Kopolo anagwira mfuti imene ngakhale azungu ambiri sanaione, mfuti imene eni ake anaitaya koma iwo anaiukitsa ndi manja awo kuno ku Chinyunyu. Anthu anang'ung'udza movomereza. Za khutu ndi za diso la mnzawo uja sanatchule. Bokosi linatsika ndi zingwe. Tinaponya dothi. Katekisiti anatseka buku n'kubwerera m'mbuyo. Ba Lazalo anakweza dzanja, anthu anafutukuka, ndipo Yotamu anapita kumutu kwa manda n'kutsegula miyendo.

Sindikudziwa momwe ndinapulumukira m'manja mwa azimayi aja. Ndinalumpha mulu wa dothi n'kumugwera mwana wanga mfuti isanafike patsaya. Ndinagwira paipi ndi manja awiri. Anandikankha, ndinamuluma pamkono mpaka ndinamva mchere. Anakuwa, nandigwetsa pansi, ine n'kumukulunga miyendo. Pofuna kudzimasula anandigunda ndi bondo pakamwa, mlomo n'kung'ambika, dzino n'kugwedera. Amuna anandikoka tsitsi, duku linagwera m'manda, wina anandimenya khofi khutu n'kulira, koma sindinasiye. Anyamata a makasu anayandikira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu aja, ndipo zimene zinatuluka n'zakuti, "Atate anakana. Atate anakana."

"Ba mami, mwapenga?" anatero Yotamu, misozi ya ukali ili m'maso. "Ndisiyeni."

Ba Lazalo anakankha amuna aja kuti andisiye. Anaima n'kutiyang'ana tonse awiri, thukuta likutsika padazi. Sanakwiye, ndipo zimenezo ndi zimene zimandipweteka. "Msiyeni," anatero. "Mayi uyu waika ana atatu. Bweretsa kuno, Yotamu, manje ndiombera ndine." Yotamu anakana pang'ono, koma mwini maliro sakanidwa. Ba Lazalo analandira mfuti, nawerama pamene ndinagona, namwetulira. "Wapambana, mkazi wanga. Tseka makutu."

Anayenda kupita kumutu kwa manda. Sanafulumire. Anapereka chipewa kwa mkulu wopanda mano uja. Anapinda mikono ya malaya aja a magazi a gogo, woyamba, kenako wachiwiri. Anauza ana kuti afutukuke. Anayesa mfuti paphewa, anaitsitsa, anakonza phazi, anaikwezanso kuloza kumwamba. Ndikunena zonsezi kuti mudziwe kuti nthawi inalipo. Mwana wanga anali pambali panga, ndikumugwirabe mwendo, wamoyo. Ba Lazalo anagoneka tsaya pamtengo wa mfuti. Ine ndinatseka makutu.

Ngakhale ndi makutu otseka ndinamva ngati nthaka yang'ambika. Utsi woyera unaphimba kumutu kwa manda. Utachoka, ba Lazalo anali chogwada pamulu wa dothi, ndipo kuchokera pamphuno kutsika kunalibe chimene munthu angatche nkhope. Chibwano chinkalendewera pachifuwa. Dzanja lamanzere linali ndi chala chimodzi. Anayesa kuimirira, nagwa chammbali, miyendo ikupalasa dothi kuligwetsera pabokosi la atate. Magazi ankatuluka pakhosi modumpha, ndipo ankapuma mobwebweta. Kachitsulo kena kanalasa mayi wa kwaya pantchafu. Anthu anabalalika akupondana, akugwetsa mitanda ya manda ena, mwana wina n'kupondedwa mpaka kukomoka. Mkulu wopanda mano uja anangoima, chipewa chili m'manja.

Yotamu anandithothola pamwendo pake n'kuthamanga. Anavula malaya, anakulunga mutu wa ba Lazalo, nawanyamula ndi amuna ena kuthamangira kumsewu kumene anasiya lole. Ndinawaona akuzimiririka m'dambo, dzanja lija likulendewera.

Manda anakwiriridwa mwachangu, popanda nyimbo. Wina anatola mtengo wa mfuti wong'ambika ndi sipoko yopindika n'kuziponya m'dzenje, ndiye atate anapita ndi Kafupi wawo monga anafunira, kapena theka lake. Nkhata za maluwa tinangozisanjika osaitana maina. Pobwerera anthu ankati mfuti za ba Kopolo zonse zimatha chimodzimodzi, iyi ndi yachitatu. Azimayi amene anandikoka tsitsi aja anabwera kudzandipepesa. Ankati ndinali ndi maso, malemu analankhula kudzera mwa ine, ndapulumutsa mwana. Wina anandipsompsona dzanja.

Chakudya chinakhala m'mabeseni, ntchentche zikudya. Cha m'ma fayifi foni ya wina inalira, ndipo maliro atsopano anabuka pabwalo. Ba Lazalo anamwalira palole asanafike n'komwe pokhotera kuchipatala. Mkazi wawo anadzigwetsa paphulusa, ana awo aakazi akumukoka. Posakhalitsa anthu anayamba kusamuka. Kwawo kwa ba Lazalo n'kutsidya kwa akasupe otentha, ndipo zonse zofunika pamaliro zinali kale pano. Anakweza madiramu pangolo, mapoto osatsuka, nkhuni zotsala, mabenchi a kutchalitchi, ngakhale nyemba zophikaphika. Akwaya anatsogola akuimba ndi mawu osasa omwe aja. Ine anati nditsale ndipume chifukwa cha mlomo, ndidzabwere mawa.

Dzuwa likulowa panyumba panalibe munthu. Mitambo ija inapita osagwetsa dontho. Pabwalo panatsala phulusa, patapata imodzi ya mwana, ndi banga lakuda pamene anamenyera gogo. Ndinakhala m'nyumba pamphasa, pamalo pamene panali bokosi, ndikuyang'ana misomali iwiri ya pakhoma.

Yotamu analowa mdima usanagwe, wopanda malaya, magazi atauma pachifuwa ndi m'mikono, pamene ndinamuluma patatupa. Sanapereke moni. Anakhala pansi moyang'anana nane n'kutulutsa m'thumba la buluku chidutswa cha paipi, chakutsogolo, chimene anati anachipeza chitakodwa m'malaya a ba ankolo ake, ba Lazalo. Anachigogoda pansi. Munatuluka dothi louma, lofiira, lolimba ngati njerwa, lozungulira monga paipiyo.

"Mavu samanga ndi dothi la pachulu chathu," anatero. "Ndipo satsindira."

Ndinkadikira kuti afunse ngati ndine, koma sanafunse zimenezo.

"Munadziwa liti kuti iphulika?"

"Panjira."

"Ba ankolo asanaitenge."

"Inde."

Anakweza dzanja n'kudzigwira tsaya lamanja, pang'onopang'ono, mpaka pachibwano. Kenako anatola paipi ndi dothi lija n'kutuluka. Ndinamva chitseko cha chimbudzi, ndipo ndinamva chitsulo chikugwera pansi patali. Ndinamumva akusonkha moto, akuteleka madzi. Atabwera anaika beseni patsogolo panga, sopo pambali, osandiyang'ana.

"Sambani, ba mami," anatero. "Mawa akukhazikani pafupi ndi bokosi la ba ankolo. Akuti inu ndi amene munawachenjeza."

Anapita kukakhala panja. Ndinaviika manja m'beseni, ndipo m'nyumba monse simunamveke kanthu koma madziwo.